Mkamwini wa PaChimwene

"Iwe Ruva, poti ndiwe wa sukulu, tandiuza. Kodi abale a gogo wako aja abwera liti kudzandisudzula?"

Amene anandifunsa zimenezi ndi Agogo Ezekieli, bambo awo a bambo anga. Unali mmawa, mvula itangokata, ine ndikutaya madzi a m'mabeseni amene timatchera pansi pa denga lawo lodontha. Ndinayankha kuti sindikudziwa, ndipo sindinaname. Mawu akuti kusudzula ndinkawamva anthu akamakamba za banja limene latha. Nanga Gogo Natsai anamwalira ine ndidakali ku pulayimale, banja lake liti lofunanso kuthetsa?

Ndiyambe ndanena kuti ndine yani. Ndine Ruva, ndinakulira ku Gaza, ku Chipinge, kumene bambo anga a Pardon amagwira ntchito m'fakitale ya tiyi. Nditamaliza Fomu 4 ananditumiza kuno ku Mandeya, m'chigwa cha Honde, akuti ndizidikira zotsatira za mayeso uku ndikuphikira agogo. Sindinafune ngakhale pang'ono. Mnzanga Chenai anali atandipezera kale malo pa saluni ina ku Beitbridge, ndipo tinapangana kuti tsiku lina ndidzangokwera kombi osauza munthu. Aliyense amene ndinkamupeza pa foni ndinkamuuza kuti andimanga, andiponya kumapiri. ChiNyanja changa n'cha ku Gaza, chosakanikirana ndi ChiNdau, koma nkhaniyi ndailemba m'chilankhulo cha mwini wake, ndipo ndikufuna muiwerenge mpaka kumapeto.

Agogo ataona kuti ndangoima ndi beseni m'manja, anati, "Bwera uone." Anagwada movutikira, chifukwa miyendo yawo inali itayamba kutupa, n'kukoka sutikesi pansi pa bedi. Inali ya bulauni, yachikale, yomangidwa ndi lamba wa njinga. Mkati munali jekete, nsapato zopukutidwa bwino, bulangeti, mpeni wopindika wodulira tiyi, ndi chitenje chatsopano chimene sichinalowepo m'madzi.

"Ndinalongedza titangomaliza maliro a gogo wako," anatero. "Kwathu ku Mulanje mwamuna amakakhala kwa mkazi. Ndi mkamwini. Munda ndi wa mkazi, nyumba ndi ya mkazi, ana ndi a mkazi ndi alongo ake. Mkazi akamwalira, abale ake amakuitana, kukukhazika pa mphasa, kukuthokoza, n'kukuuza kuti bambo, mwamasuka, pitani kwanu. Akakufuna amati khalani, lerani ana. Koma amanena ndi pakamwa. Awa akuno sananene kanthu. Anadya, anasamba m'manja, ulendo."

"Ndiye n'chifukwa chake simukonza denga?"

"Mlendo ndi mame. Ndikhomerenji malata atsopano pa nyumba ya eni?"

Anatseka sutikesi, n'kunenanso zina. Anati ngati imfa iwapeza asanasudzulidwe, ndidzauze bambo anga kuti asadzawaike pafupi ndi Gogo Natsai, kuseri kwa nthochi. Pamenepo mpa eni. Adzawanyamule kupita nawo ku manda a pa esiteti ya tiyi, kumene kunagona anzawo amene anachoka ku Malawi osabwereranso, amene iwo amawatchula kuti matchona.

Manda amenewo ndimawadziwa. Ndi tchire lokhalokha, ng'ombe zimadyamo, mitanda yambiri inadyeka ndi chiswe. Pamene manda a Gogo Natsai agogo amawasesa mmawa uliwonse asanamwe tiyi.

Mbiri yawo sanandikhazike pansi kuti andiuze. Ndinaitola pang'onopang'ono, ina tikupalira nthochi, ina tili pamzere ku kiliniki, ina akukalipira nkhuku.

Anabadwira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, m'mudzi wozunguliridwa ndi tiyi wa azungu. Ali kamnyamata ankanyamula madzi othirira mbande pa nazale. Atafika msinkhu wanga womwewu, anamva kuti ku Rodeshiya kuli ntchito, ndipo ananyamuka ndi anzawo awiri. Mlongo wawo Esinala ndiye anawaperekeza mpaka pa mlatho. Anamuuza kuti abwerako dzinja likadutsa kawiri, ndipo adzamubweretsera chitenje. Anayenda pansi kudutsa m'dziko la Apwitikizi, anawoloka Zambezi pa bwato akunjenjemera, kenako lole yonyamula anthu a ntchito inawatula kuno. Mnzawo mmodzi anapitirira ku migodi. Winayo malungo anamutenga chaka choyamba chomwecho.

"Iwe ukamaona tiyi uyu wati mbwee mapiri onse, umayesa anamera yekha," ankatero. "Kunalibe tiyi kuno. Kunali nkhalango, anyani ndi udzudzu."

Ankadula mitengo ndi nkhwangwa, kuzula zitsa, kukonza mizere m'mapiri otsetsereka moti munthu ukagwetsa khasu umakalitola kumtsinje. Kapitawo ataona kuti mnyamata wa ku Mulanje amadziwa kagwiridwe ka mbande, anamuika pa nazale. Agogo amati mizere yoyambirira ya kumunsi, pafupi ndi mtsinje, anabzala ndi iwo. Ndikakwera basi ndimayesa kuizindikira, koma tiyi yense amafanana, ndipo palibe chikwangwani cholembedwa dzina la munthu. Pambuyo pake anakhala wodulira, ntchito imene anaigwira mpaka msana unakana. Mpaka lero akaona mpanda wa maluwa wometedwa mokhota amatsonya.

Gogo Natsai anali MuManyika wa ku Mandeya konkuno. Ankabwera ku komboni Loweruka kudzagulitsa madhumbe ophikaphika, amene ena amati koko. Agogo akuti tsiku loyamba anayesa kuwapatsa moni m'ChiManyika, ndipo gogo anaseka mpaka dengu linagwa pamutu. Agogo anawathandiza kutola madhumbe m'fumbi. Loweruka lotsatira anawapatsanso moni yemweyo, wolakwika mofanana, mwadala.

Atapita kukaonekera kwa makolo, nkhani ya ng'ombe inatuluka. Agogo analibe ngakhale nkhuku. Bambo ake a Natsai anawayang'ana m'manja, naona zikang'a, n'kunena kuti, "Bwera udzandilimire." Anawasonyeza pomanga kanyumba kuseri kwa khola. Kuyambira pamenepo, akaweruka pa esiteti ankagwira khasu kwa apongozi, kufolera nkhokwe za apongozi, kulondera anyani m'munda wa apongozi.

"Mtima unakhala pansi," anandiuza. "Ndinati kani anthu awa ndi anzathu, chikamwini amachidziwa."

Patapita zokolola zingapo, apongozi anafulula mowa, anaitana abale ndi sabhuku, ndiye mkulu amene amagawa malo m'mudzi. Onse anawoloka kamtsinje kupita kutsidya, pa chitunda chimene panalibe munthu chifukwa cha miyala ndi anyani. Sabhuku anakhoma chikhomo pansi. Agogo anawomba m'manja kuthokoza. Kwawonso mkamwini akakhulupirika apongozi amamulozera polima, choncho sanadabwe.

Chitunda chimenecho ndi pano pamene ndikulembera. Agogo ndi gogo anali anthu oyamba kusonkhapo moto. Miyala imene anazula anaiunjika m'mizere kuti nthaka isakokoloke, ndipo mizereyo ilipo, yamera ndere. Madzi anawakokera kuchokera ku kasupe wa kumtunda ndi ngalande imene agogo anakumba okha, potengera zimene anaona pa nazale. Nthochi zoyamba anazinyamula pamutu kuchokera ku Ruda. Mtengo wa mapeyala umene uli pabwalo anabzala gogo, chifukwa agogo ankati mtengo aubzale mwini malo. Anthu ataona kuti pa chitunda pakutuluka chakudya, anayamba kubwera. Anabwera a Inacio ndi banja lawo pothawa nkhondo ku Mozambique, anabwera ena opuma ntchito pa esiteti. Kanjira ka mapazi kanasanduka msewu. Lero kombi ikafika pa mphambano yathu kondakitala amakuwa kuti, "PaChimwene! Wotsika PaChimwene!" pakuti anthu a kuno aliyense wochokera ku Malawi amamutchula Achimwene. Ine ndinkanyadira dzinalo. Agogo ayi. Ankati n'kuwakumbutsa tsiku ndi tsiku kuti ndi obwera.

Ana anabadwa atatu. Woyamba anali Gamuchirai. Nthawi ya nkhondo, asilikali atasonkhanitsa anthu onse m'midzi yotchingidwa ndi waya imene ankaitcha makipu, Gamuchirai anadwala chikuku m'menemo, namwalira asanayambe sukulu. Agogo satchula dzina lake kawirikawiri. Nkhondo itatha anabwerera pa chitunda n'kupeza nyumba itapsa, koma ngalande ikuyendabe madzi, ndipo anayambiranso. Wachiwiri ndi azakhali anga, Tete Rosaria, amene anakwatiwa ku Ruda. Wachitatu ndi bambo anga, amene anatsata tiyi mpaka ku Chipinge.

Pali nkhani imene Tete Rosaria amakonda kuikamba pa Khirisimasi, anthu n'kumaseka. Akuti a kuchimuna atabwera kudzakamba za roora yake, ndiye malowolo, agogo anawauza mwaulemu kuti mwana si wawo, apite kwa amalume ake, a Kefasi, kutsidya. Atafika kutsidya, Sekuru Kefasi, monga timawatchulira adzukulufe, anawabweza kuti mwana ali ndi bambo ake, ine ndilowererepo chiyani? Anthu aja anawoloka kamtsinje kupita, kubwera, kupitanso, mpaka mmodzi anaterereka n'kunyowetsa suti yobwereka. Mapeto ake Gogo Natsai anawakhazika onse pansi pa mapeyala, nkhani n'kutha. Tonse tinkati agogo anachita zimenezo chifukwa cha ulemu wawo wopitirira muyeso. Palibe anafunsapo kuti ankaganiza chiyani.

Ku Mulanje sanabwerereko. Poyamba inali nkhondo, kenako ana, kenako mapepala a pa malire, kenako zaka zinangochuluka. Chitenje cha m'sutikesi chija ndi cha Esinala. Si choyamba. Amati chikayamba kudyeka ndi njenjete amagula china.

Tsopano ndinene chimene ndinachita. Ndinaganiza zopita ndekha kwa Sekuru Kefasi, mlongo wamng'ono wa Gogo Natsai, yekhayo wotsala m'mimba mwawo. Zifukwa zinali ziwiri. Manda a pa esiteti aja sankandichoka m'maso. Komanso ndinkaona kuti nkhaniyi ikatha, kaya agogo apita ku Gaza kwa bambo, kaya kuti, ine ndimasuka. Ndipo ndinkafunanso, ndisabise, kuti pa Khirisimasi azidzati Ruva ndi amene anakonza.

Ndinawapeza akumanga mikoko ya nthochi yodikira lole, wailesi ili m'thumba la malaya. Ndi munthu wamfupi, wa mawu aakulu, khutu limodzi silimva. Tinalankhula ChiManyika, koma ndilemba m'ChiNyanja.

"Muzukuru! Wabwera kudzandipempha nthochi kapena mwamuna?"

"Ndabwera ndi nkhani ya agogo, Sekuru."

"Wamwalira?"

"Ayi."

"Ndiye ilibe changu. Gwira chingwe ichi."

Ndinagwira chingwe, ndikufotokoza. Nditafika pa kusudzula anazimitsa wailesi kuti ndibwereze. Nditabwereza anaseka mpaka kutsokomola. "Timuuze kuti apite kwawo? Kwawo kuti? Ndikamuthamangitse munthu pakhomo pake, anthu anditenge ngati wamisala?" Koma nditatchula sutikesi, ndi denga, ndi manda a pa esiteti, kuseka kunatha. Anakhala pa mkoko wa nthochi, chinthu chimene amakalipira ana akachita.

"Zaka zonsezi?" anafunsa.

"Chimwalirireni gogo."

"Maiwe. Ine ndimadutsa pamenepo Lamlungu lililonse. Amandipatsa mpando, amandipatsa tiyi, n'kumandiyang'ana pakamwa ngati ndili ndi nyama m'mano. Ndimati ndi ukalamba." Anapukusa mutu. "Ukamuuze kuti ndibwera mawa dzuwa likakwera. Aphe nkhuku. Ya eni ija."

Ndinabwerera n'kuwauza agogo. Anatulutsa jekete m'sutikesi n'kuliyanika pa chingwe kuti fungo lichoke. Mawa lake anameta ndevu, anavala nsapato zija ngakhale miyendo inali yotupa, anayala mphasa pansi pa mapeyala, mpando n'kuusiyira mlendo. Sutikesi anaiika pakhomo, lamba atamanga kale. Apo m'pamene ndinachita mantha. Ndinazindikira kuti munthuyu akauzidwa kuti pita, apitadi, ngakhale sakudziwa ngati ku Mulanje kuli wina womukumbukira.

Sekuru Kefasi anafika ndi ndodo yawo, atavala chipewa cha ku tchalitchi.

"Tsano," anayamba, ndiye kuti mlamu, "ndamva mukusamuka. Mwapeza mkazi ku Blantyre?"

"Alamu, musaseke. Mlongo wanu anapita kalekale. Ndadikira mokwanira."

"Mwadikira chiyani? Ife ndi amene tinkadikira ng'ombe, mpaka lero sitinaone ngakhale mchira!"

Agogo anayang'ana pansi. Ndinaona kuti pamenepo m'pamene pali chilonda, ndipo Sekuru nawo anaona. Anachoka pa mpando, n'kukhala pa mphasa pomwepo, maondo akulira.

"Ndikuseka, tsano. Tandiuzani. Zaka zija munkalima kwa bambo, kufolera nkhokwe, kuthamangitsa anyani, mumati mukuchita chiyani?"

"Chikamwini. Ndinalibe ng'ombe, ndiye ndinalowa pakhomo panu monga timachitira kwathu."

"Inali roora imeneyo! Wopanda ng'ombe amalipira ndi msana. Ine ndinali mnyamata, ndinkakuonani. Munalipira mpaka bambo anachita manyazi, amvekere mkamwini uyu atifera m'munda. Mowa uja unali wonena kuti zatha. Chikhomo chija sabhuku anakhomera inu."

"Anakhomera Natsai. Ine ndinangogwirizira."

"Kwathu kuno mkazi sakhomeredwa chikhomo kwa bambo ake! Ndipo ana aja, mumati n'chifukwa chiyani ndinawabweza anthu a suti yonyowa aja? Rosaria ndi wanu. Pardon ndi wanu. Kamtsikana aka kakumvetsera ngati kakusankha mpunga, n'kanu."

Ndinalidi ndi lichero la mpunga pamiyendo, ndipo sindinali kusankha kanthu.

"Nanga bwanji simunanene?" anafunsa agogo.

"Tinene chiyani? Munthu amauzidwa kuti mphuno iyi ndi yako? Komanso za ng'ombe tinkapewa, tinkaona kuti zimakupwetekani. Nanga siteji ija? Munamvapo siteji ikutchedwa dzina la munthu wodutsa? Akati PaChimwene ndiye kuti pa Chimwene, pake, pamene anayamba yekha anyani akumuseka."

Agogo anati, "Koma Natsai ankanena yekha. Tikakangana ankati pakhomo pano mpanga."

Apa Sekuru anamenya ndodo pansi. "Hede! Natsai! Ameneyo ankadziwa zonse! Tsiku lina akazi anga anamufunsa kuti amuna ako bwanji amakupempha asanagulitse mbuzi? Iye amvekere, musiyeni choncho, m'chigwa chonse chino ndine ndekha ndili ndi mwamuna womva."

Ndinaseka mosafuna. Agogonso pakamwa panagwedezeka, ndipo anayang'ana kuseri kwa nthochi kumene kuli manda, n'kunena chapansipansi kuti, "Mayi iwe." Koma kumwetulirako sikunakhalitse. Anayang'ana sutikesi pakhomo paja nthawi yaitali.

"Ndiye kuti palibe amene anandigwira?"

Sekuru sanamve, anatembenuza khutu labwino. Agogo sanabwereze. Ine ndinamva. Ndinadziwa kuti sakufunsa Sekuru, ndipo ndinadziwa kuti akuganiza za Esinala pa mlatho paja. Kwawo, iwo ndi amene anayenera kukhala malume wa ana a Esinala, wowaimira pa maukwati ndi pa milandu, monga ankayembekezera kuti a Kefasi aimire ana awo. Gogo Natsai ali moyo, Agogo Ezekieli ankadziuza kuti mkamwini sasiya munda wa eni n'kumakayenda. Gogo atamwalira ankadziuza kuti adzapita akadzasudzulidwa. Tsopano munthu wina wabwera ndi chipewa cha ku tchalitchi kudzawauza kuti chitseko chinali chosatseka nthawi yonseyi.

Nkhuku inali itapsa, koma sindinadzuke.

Patapita nthawi agogo anakweza mutu. "Alamu, ndamva. Komabe nenani."

"Ndinene chiyani? Ndanena kale."

"Mwafotokoza. Simunanene. Ine ndinalowa m'banja lino mwa kwathu, nditulukemo kapena ndikhalemo mwa kwathu. Nenani ndi pakamwa."

Sekuru anandiyang'ana ine ngati ndiwathandize, koma nanenso sindinkadziwa. Choncho agogo anawaphunzitsa okha mawuwo, mmodzimmodzi, ngati mphunzitsi wa Sande sukulu. Sekuru anadzuka pogwira ndodo, anavula chipewa, n'kulankhula m'ChiNyanja chawo chophotchoka cha ku komboni.

"A Ezekieli. Ife abale a Natsai takuthokozani. Mlongo wathu munamusunga bwino. Munamuika bwino. Lero mwamasuka. Mukafuna kupita kwanu, pitani. Mukafuna kukhala, khalani, mulere ana." Anavalanso chipewa. "Koma mukapita mundisiyire wilibala."

Agogo anawomba m'manja katatu, pang'onopang'ono. Sutikesi inali idakali pakhomo. Anayang'ana ngalande, madzi akuyenda mmene akhala akuyendera chiyambire. Anayang'ana miyendo yawo m'nsapato zothina.

"Ku Mulanje ndachedwa," anatero. "Ndikakafika akandifunsa kuti ndinu a kwa yani." Anapuma. "Ndikhala. Kodi pafupi ndi Natsai pali malo?"

"Mukundifunsa ine? Ndine mlendo pano. Mwana iwe, nkhuku ija yathawa?"

Madzulo ake, Sekuru atapita ndi wilibala imene anati akungobwereka, agogo anamasula lamba wa sutikesi. Jekete analikoleka pa msomali. Mpeni wodulira tiyi anatuluka nawo n'kukadula masamba ouma a nthochi imene yaweramira pa manda. Bulangeti anandipatsa ine, amvekere usiku umatsokomola. Chitenje chokha anachisiya momwemo, n'kubwezera sutikesi pansi pa bedi. Kenako anandituma kwa mwana wa a Inacio, amene ndi mmisiri, kuti adzaone denga, ndiponso kuti ndikwere pa mwala pamene pamagwira netiweki ndiimbire bambo za malata.

Bambo ndinawafotokozera zonse. Kenako anati, "Ine ndinkati mdala ndi woumira." Anati abwera kumapeto kwa mwezi.

Ndidakali pa mwala pomwepo, uthenga wa Chenai unalowa. Unkati kombi ya Lachisanu, malo akudikira, ndisauze munthu chifukwa andiletsa.

Ndinakhala pa mwalapo mpaka dzuwa linapendeka. Kuchokera pamenepo umaona chitunda chonse, mizere ya miyala, nyumba za anthu amene anabwera pambuyo, kombi ikuima PaChimwene, ndi tiyi kutali uko. Ndinaganiza za mnyamata wa msinkhu wanga amene anauza mlongo wake kuti dzinja likadutsa kawiri. Iye anatsanzika, koma onani mmene zinathera. Nanga ine amene ndimafuna kuchoka ngati nkhuku yozemba m'khola? Ndinayesanso kukumbukira tsiku limene bambo kapena mayi anandiuza kuti usapite ku Beitbridge. Silinapezeke. Sindinawafunsepo. Ndinangolongedza kachikwama kanga, n'kukabisa kuseri kwa thumba la chimanga, n'kumauza anthu kuti andimanga.

Mtima wofuna kupita sunandichoke, ndisakunamizeni. Sindikufuna kukalambira pa mabeseni ndi nthochi. Ndikufuna ndikaone kumene misewu imathera, ndipo ndikufuna dzina langa lidzamveke penapake, ngakhale pa siteji ya kombi.

Chenai ndinamuyankha kuti Lachisanu apite yekha. Ndikhala mpaka malata akhomedwe, ndione mvula ikugwa agogo ali m'nyumba youma. Bambo akabwera kumapeto kwa mwezi ndidzayala mphasa pansi pa mapeyala, ndidzawakhazika pamodzi ndi agogo, ndidzawauza kumene ndikufuna kupita, kwa yani, kukachita chiyani. Akati pita, akati khala, ndidzamve ndi makutu anga, ndipo nanenso ndidzayankha ndi pakamwa panga.